Oimba athu, nyimbo ya Bridge Over Troubled Water siifuna phuma

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule za nyimbo imodzi yakale ya Chingerezi imene makwaya a sukulu, mabandi a pa ukwati ndi anyamata a kiyibodi kuno ku Ntcheu ndi Dedza amakonda kuiyesa. Dzina lake ndi Bridge Over Troubled Water. Ife ndife aphunzitsi a kwaya ndi oimba zida, ndipo nyimboyi timaikonda kwambiri. N'chifukwa chake zimatiwawa tikamva ikuyambidwa ndi ng'oma za mu kiyibodi, sipika zili pamapeto, woimba atatsegula kale kukhosi konse pa mzere woyamba. Ikaimbidwa choncho imatuluka phokoso lokhalokha, ndipo munthu wosweka mtima amene inalembedwera sapezamo kanthu.

Anaipeka ndi Paul Simon wa ku America m'chaka cha 1969, asanakwanitse zaka 30, ndipo inatuluka mu Januwale 1970. Amene anatsogolera kuimba ndi mnzake Art Garfunkel, amene poyamba anakana, ati mwini wake aimbe yekha. Inakhala pa nambala 1 ku America masabata 6, ku Britain masabata 3, ndipo mu 1971 inapata mphoto za Grammy za nyimbo yopambana pa chaka, chimbale chake nachonso chinapambana. Gwero lake ndi m'tchalitchi. Simon anatola ganizo la mlatho pa mawu amene Claude Jeter, wa gulu la nyimbo zauzimu la Swan Silvertones, anaponya pakati pa nyimbo yawo ina. Ndiye musadabwe kuti piyano yake imamveka ngati ya mapemphero, ngakhale m'mawu ake simutchulidwa Mulungu.

Uthenga wake ndi wapafupi. Munthu akulonjeza mnzake amene watopa, wasowa pogwira, anzake amuthawa, kuti iye adzagona pansi ngati mlatho kuti mnzakeyo awoloke madzi olusa. Anthu a ku Bwanje, Sharpevale ndi Golomoti, kumene madzi otsika m'mapiri amadula njira nthawi ya dzinja, safuna wowamasulira chithunzi chimenechi. Chimene chimatigwira mtima ife n'chakuti wolonjezayo sapempha kanthu. Mwambi wathu umati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Nyimboyi imapitirira pamenepo, chifukwa za mawa sizitchulidwa n'komwe. Safunsanso kuti mnzakeyo analakwa chiyani kuti afike pamenepa, ndipo sam'langiza. Amangoti ndili mbali yako.

Tsono tione m'mene inamangidwira, poti chinsinsi chake chili pamenepo. Ndi yotalika pafupifupi mphindi 5, ili ndi mavesi atatu, lililonse ndi kolasi yake. Vesi loyamba muli mawu a munthu mmodzi ndi piyano basi. Piyanoyo anaimba Larry Knechtel, ndipo inam'tengera masiku 4 kuti aikonze. Vesi lachiwiri mumalowa kachida kolira ngati timabelu, kotchedwa vibraphone, koma mwakachetechete, moti ambiri sakamva. Ng'oma za Hal Blaine, besi gitala ya Joe Osborn, mavayolini ndi mawu achiwiri a Simon zimadzamveka bwino mphindi zitatu zitadutsa, pa vesi lachitatu. Vesi limenelo poyamba panalibe. Garfunkel ndi wojambula nyimbo Roy Halee ndiwo anaumirira kuti Simon awonjezere, kuti nyimbo ikhale ndi pothera paphiri.

Izi zikufanana ndi m'mene munthu wamakhalidwe amafikira pa siwa. Sayamba ndi kulankhula mokweza. Amakhala pansi pafupi ndi anamfedwa, n'kukhala chete kanthawi, n'kupepesa motsitsa mawu, ndipo mawu olimbikitsa amadza pambuyo, mtima wa wolirayo utayamba kumvera. Woimba amene wayamba vesi loyamba ndi mphamvu zake zonse wadumpha zonsezi. Wadzitsekeranso yekha njira, chifukwa akafika vesi lachitatu alibe pokwera, ndipo chotsala n'kukuwa.

Choyamba kuchita musanaphunzire ngakhale mzere umodzi ndi kusankha kiyi. Simon anaipeka pa gitala mu G, koma inatsitsidwira ku E flat kuti iyenerane ndi mawu a Garfunkel. Mu kiyi imeneyo noti yokwera kwambiri ndi A flat ya m'mwamba, imene pa solofa ndi fa ya pamwamba pa doh wachiwiri. Amuna ambiri a tena safika pamenepo mosavutika. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti woimba amayesa vesi loyamba, n'kuona kuti likum'khala bwino, n'kuvomera kiyi. Yambirani kumapeto. Muuzeni aimbe kolasi yomaliza katatu motsatizana. Ngati kachitatuko mitsempha ya m'khosi yatuluka, kapena wayamba kukweza chibwano, tsitsani. Mu D noti ya pamwamba imakhala G, mu C imakhala F, ndipo amuna ambiri amapeza mpumulo mu C. Mayi kapena mtsikana wa mawu a alito ayese G, mmene noti ya pamwamba ndi C, kapena ayese kiyi ya A flat. Musatsitse mopyola, chifukwa mizere yoyamba ili pansi kale, ndipo ikatsikanso imasanduka mpweya wokhawokha.

Wa kiyibodi amene sanazolowere E flat asachite manyazi. Aimbe ngati ali mu C, n'kuika batani la transpose, lokweza kapena kutsitsa kiyi, pa +3. Wa gitala amange capo, kachida kopanira nsambo zonse pamodzi, pa fret yachitatu, ndiye kuti mpata wachitatu wa pakhosi pa gitala, n'kugwira ngati ali mu C, zimatuluka chimodzimodzi. Koma onse awiri atsimikizirane nyimbo isanayambe. Kiyibodi zambiri zikazima, monga magetsi akathima kapena jenereta ikatsokomola, transpose imabwerera pa 0, ndipo woimba amapezeka ali mu kiyi ina, gitala mu ina. Magetsi akabwera, yang'anani kaye pa sikirini.

Liwiro lake ndi pafupifupi mabiti 80 pa mphindi, anayi pa bala iliyonse, kutanthauza kuti bala imodzi imatenga masekondi atatu. Pa foni pali timapulogalamu taulere ta metronome, towerengera mabiti, gwiritsani ntchito pokonzekera. Mukatsika kufika 65 woimba mpweya umam'thera pakati pa mzere. Mukafika 95 mawu amapanikizana, ndipo anthu amayamba kuwomba m'manja. Apa tipemphe ndithu anyamata a kiyibodi: zimitsani style. Ng'oma ndi besi zodziimba zokha za mu Yamaha kapena Casio n'zothandiza pa makolasi ovina, koma pano zimamanga woimba miyendo. Nyimboyi imafuna kupuma, kuchedwerako pang'ono kumapeto kwa mzere, ndipo makina sadikira munthu. Sankhani liwu la piyano, yatsani touch response kuti kukanikiza pang'ono kutulutse mawu ofewa, ndipo lumikizani pedulo ya sustain, yotalikitsa kulira kwa manoti. Pedulo muziitula ndi kuipondanso pa chord iliyonse yatsopano. Mukaiponda osaitula, manoti a chord yakale amasakanikirana ndi atsopano, ndipo m'tchalitchi cha simenti pansi ndi malata pamwamba zimamveka phala. Mavayolini a mu kiyibodi asungeni mpaka vesi lachitatu.

Tikhalitse pang'ono pa ma chord, manoti angapo olizidwa pamodzi, poti ndi pamene nyimbo imafera kwambiri. Oimba athu ambiri anazolowera ma chord atatu, a doh, fa ndi so, ndipo nyimbo zochuluka zimatheka nawo. Iyi ayi. Titchula ngati tili mu C kuti aliyense atsatire. M'vesi muli B flat yodutsa mwachangu pakati pa ma F awiri, imene pa solofa imabweretsa ta. Ndi imene imapatsa nyimboyi fungo la nyimbo zauzimu za anthu akuda a ku America, ndipo mukaisiya vesi limauma. Chakumapeto kwa vesi muli C7 yopita ku F, kenaka D major yopita ku G. Ambiri amaika D minor m'malo mwake poti ndi imene dzanja linazolowera, ndiye kukwera konse kopita ku kolasi kumagwa mphwayi.

Kolasi imayenda motere: F, kenaka F sharp diminished, kenaka C yokhala ndi G pansi, kenaka A7, kubwerera ku F, E7, n'kutera pa A minor. Tamverani dzanja lamanzere pa ma chord anayi oyambawo: F, F sharp, G, A. Likukwera sitepe ndi sitepe, osadumpha. A besi a kwaya amaimba fa, fe, so, la. Mlatho wa nyimboyi ndi umenewo, ndipo khutu la womvera limaumva ngakhale sadziwa dzina la noti ndi imodzi yomwe. F sharp diminished isakuopseni. Pa kiyibodi ndi F sharp, A, C ndi E flat. Pa gitala gwirani nsambo zinayi za pansi: yachinayi pa fret 1, yachitatu pa 2, yachiwiri pa 1, yoyamba pa 2. A7 ili ndi C sharp, imene ndi de pa solofa, ndipo E7 ili ndi G sharp, imene ndi se. Kutera pa A minor kumene kuja n'kofunika zedi. Khutu limayembekeza kuti nyimbo ibwerera kunyumba pa C, koma imagwera pa chord ya chisoni, ngati ikuvomera kuti mavuto sanathe. Mzere womwewo ukabwerezedwa kachiwiri m'pamene umatera pa C. Wa kiyibodi amene amatera pa C kawiri konse wachotsa ululu m'nyimbo, ndipo chitonthozo chopanda kuvomera ululu sichilowa mumtima.

Kwa makwaya oimba opanda zida, manoti anayi awa, fe, se, de ndi ta, ndiwo amagwetsa nyimbo. Nthawi zambiri amagwera a alito ndi a tena. Fe, se ndi de amaimbidwa motsikirako kuposa m'mene ayenera, ndipo gulu lonse limatsatira pang'onopang'ono mpaka pofika vesi lachitatu mwatsika theka la toni kapena toni yathunthu, a besi akukanda pansi. Njira yoyesera ndi yapafupi. Perekani doh pa kiyibodi kapena pa foni poyamba, imbani nyimbo yonse popanda chida, ndipo pomaliza lizaninso doh yemweyo. Mukapeza kuti mwatsika, musabwereze nyimbo yonse. Tengani a alito okha, aimbe mi, se, la kakhumi, se akhale pafupi kwambiri ndi la. A besi achite chimodzimodzi ndi fa, fe, so. Mphindi 10 za zimenezi pa kukumana kulikonse zimakonza vutoli m'masabata awiri kapena atatu.

Kagawidwe ka mawu m'kwaya katsatire m'mene nyimbo inamangidwira. Vesi loyamba aimbe munthu mmodzi, ena onse akhale chete, osati kung'ung'udza. Vesi lachiwiri a alito ndi a tena alowe ndi milomo yotseka, a besi adzalowe pa kolasi. Vesi lachitatu liyambe ndi anthu awiri, wotsogolera ndi womuperekeza, monga anachitira eni ake, ndipo gulu lonse litsegule pakamwa pa kolasi yomaliza pokha. Tikayeza mphamvu ya mawu kuyambira 1 mpaka 10, vesi loyamba likhale pa 3, lachiwiri pa 5, lachitatu liyambire pa 6, ndipo 9 afike pa mizere iwiri yomaliza. Pa 10 musafikepo. Mawu a munthu akafika pamapeto pake amanjenjemera n'kusiya noti.

Vesi lachitatu lili ndi kanthu kamene oimba ambiri sakaona. Simon analilemba poganiza za mkazi amene anadzam'kwatira, mkaziyo atayamba kuona imvi zoyamba m'mutu mwake. M'mavesi awiri oyamba wolonjeza ndiye akunyamula mnzake. M'vesi lachitatu mnzake uja wadzuka, akuyenda yekha, ndipo wolonjezayo akuti ndikubwera pambuyo pako. Sakum'tsogolera. Kwa ife apa m'pamene pali ulemu waukulu wa nyimboyi, chifukwa wothandiza weniweni amadziwa nthawi yobwerera m'mbuyo. Choncho ng'oma zikalowa, zisalowe mwachipambano ngati timu yagoletsa chigoli. Wa ng'oma amenye ng'oma yaikulu ya phazi pa biti yoyamba, ng'oma yaing'ono ya snare pa yachitatu, mopatsa mpata, ndipo zitsulo azisunge mpaka kolasi yomaliza.

Za mpweya. Pumani musanayambe mzere, osati pakati pa mawu, ndipo mpweya ulowe m'mimba, mapewa asakwere. Noti yomaliza igwireni mabiti 8, omwe ndi masekondi 6 pa liwiro tatchula lija. Amene mpweya umam'thera pa 5 ndiye kuti anauwononga pa mzere wam'mbuyo. M'kwaya musapumire pamodzi pa noti yaitali. Gawanani, ena apume pa biti yachitatu, ena pa yachisanu, n'kulowanso mofewa. Palinso chizolowezi chathu chowonjezera mavawelo pa mawu a Chingerezi. Liwu loyamba la dzina la nyimboyi lili ndi silabulo imodzi ndi noti imodzi, koma lilime lathu limafuna kulisandutsa atatu. Mukatero mwawonjezera manoti amene m'nyimbo mulibe, ndipo mumachedwa kulowa chord yotsatira. Lankhulani mawu onse motsatira biti, osaimba, kufikira atakhazikika, kenaka muike nyimbo.

Nyengo yathu nayo ili ndi mbali yake. Ku Dedza boma, Bembeke, Lizulu, Mlanda ndi Tsangano, mwezi wa Juni ndi Julaye m'mawa kumazizira koopsa, ndipo kukhosi kozizira sikufika fa ya m'mwamba ija. Woimba atenthetse mawu kwa mphindi 15, ayambe ndi kung'ung'udza manoti apakati, akwere pang'onopang'ono, amwe madzi ofunda, osati a mufiriji. Gitala imene yachokera m'nyumba yofunda kupita panja pozizira imasintha mawu, ndiye ichunidwenso pamalo pomwepo, capo itamangidwa kale. Nthawi ya mvula ganizirani denga. Mvula ikamagunda malata opanda siling'i, vesi loyamba silimveka ngakhale pa benchi yachitatu. Kuli bwino kupempha wotsogolera mwambo kuti asinthe ndondomeko mudikire ikate, kusiyana n'kukweza vesi loyamba kuti lipikisane ndi denga.

Kwa amene amakhala pa mikisa, nyimboyi ndi mayeso. Kusiyana kwa poyambira ndi pothera n'kwakukulu, ndiye mukatchera gain, mphamvu ya mawu olowa mu mikisa, pa vesi loyamba, pofika kumapeto sipika zimang'aluka mawu. Tcherani woimba akuimba kolasi yomaliza ndi mphamvu zake zonse, nyali yofiira isayake, ndipo musakhudzenso. Zotsalazo achite woimba ndi dzanja lake: pa vesi loyamba maikolofoni ikhale masentimita 5 kuchokera pakamwa, pa kolasi yomaliza aitalikitse kufika 20 kapena 30. Asagwire kumutu kwa maikolofoni, chifukwa kutseka timabowo ta kumbuyo kwake n'kumene kumaitana kulira kwa mluzu kuja. Sipika zikhale kutsogolo kwa oimba, zitayang'ana kwa anthu. Maikolofoni yopanda waya muikemo mabatire atsopano, poti ofooka amadula mawu pamene woimba wakweza. Reverb, kuwirikiza kwa mawu ngati m'phanga, m'tchalitchi chachikulu kapena m'holo ya sukulu muike pang'ono chabe, nyumbayo ili nayo kale. Panja mu tenti mukhoza kuwonjezerako.

Ena amakonda m'mene anaimbira Aretha Franklin mu 1971. Iye anaibwezera kutchalitchi kumene inachokera, ndi oimba omuyankha ndi kayendedwe kena, ndipo anapata nayo Grammy yakeyake. Elvis Presley nayenso anaijambula mu 1970. Zonsezi n'zabwino kumvera, koma sankhani njira imodzi. Chimene chimasokoneza magulu n'chakuti wotsogolera waphunzira ya Aretha pa foni yake, wa kiyibodi waphunzira ya Garfunkel, ndipo akumana tsiku la mwambo. Komanso zokhotakhota za mawu zimene Aretha amachita zinachokera m'zaka zambiri zoimba m'tchalitchi cha bambo ake ku Detroit. Mtsikana wa Fomu 3 amene akuyamba kumene aimbe kaye manoti monga analembedwera, mowongoka. Nyimboyi imakoma ngakhale popanda chokongoletsa chilichonse.

Nanga iimbidwe pati? Pa ukwati ndi pa chinkhoswe imakhala bwino, makamaka nthawi imene akwati akhala pansi, osati ya perekaniperekani. Pa mwambo wotsanzikana ndi a Fomu 4 vesi lachitatu limagwira ntchito yake bwino lomwe. Pa misonkhano yopezera thandizo anthu ovutika ndi pamalo pake, ndipo ku London mu 2017 oimba ambiri anasonkhana n'kuijambulanso pothandiza okhudzidwa ndi moto wa pa nyumba ya Grenfell Tower, umene unapha anthu 72. Pa maliro pafunika kusamala. Funsani kaye eni mbumba ndi akuluakulu a mpingo, chifukwa mipingo ina salola nyimbo yosakhala ya m'buku pa mwambo wa mapemphero, ndipo ali ndi ufulu wotero. Akalola, ng'oma zisiyeni kunyumba, vesi lachitatu lisapitirire pa 6, ndipo ganizirani agogo amene Chingerezi sachimva. Munthu mmodzi anene mwachidule m'Chichewa zimene nyimbo ikunena musanayambe, ziganizo ziwiri kapena zitatu, osati ulaliki.

Amene akufuna kuimasulira m'Chichewa kapena kuijambula kuti aigulitse kapena kuiika pa YouTube adziwe kuti nyimboyi ili ndi eni ake, ndipo lamulo lathu la Copyright la 2016 limateteza ntchito zotere. Pitani kaye ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso, akakuuzeni njira yopezera chilolezo musanawononge ndalama ku situdiyo. Pomasulirapo, werengani masilabulo a mzere uliwonse. Mawu athu ndi aatali, ndipo mzere wa Chingerezi wa masilabulo anayi ukhoza kufuna asanu ndi atatu m'Chichewa. Dulani ganizo kuti likwane manoti, musapanikize manoti kuti akwane ganizo.

Gulu limene likuyamba kumene lidzipatse masabata atatu, kukumana kawiri pa sabata. Sabata yoyamba ikhale ya kiyi, mawu ndi mzere wa besi wa fa, fe, so, la. Yachiwiri muike magulu onse anayi ndi kuyesa ngati mukutsika. Yachitatu muimbire m'chipinda chimene mwambo udzachitikire, ndi zida zomwezo, wina atakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni. Iyeyo ndiye anene ngati vesi loyamba likumveka liwu ndi liwu, ndipo ngati silikumveka, sunthani sipika kapena woimba ayandikize maikolofoni, koma mawu ake asakweze.

Ndife,
Aphunzitsi a kwaya ndi oimba zida,
Ntcheu ndi Dedza